Kuchoka pa boma kukaphunzitsa public health ku yunivesite: njira imene ndinadzera

Mwezi sutha ndisanalandire uthenga pa WhatsApp wochokera kwa wina amene tinkagwira naye ntchito pa boma, kapena kwa wophunzira wanga wakale, ndipo funso limakhala lomwelomwelo: "Madamu, nanenso ndikufuna ndizidzaphunzitsa ku yunivesite, ndiyambire pati?" Ambiri amakhala atatchera kale khutu kuti amve za Masters ndi ma scholarship. Zimenezo ndizikamba ndithu, koma ine ndimayamba ndawafunsa kaye kuti pa ofesi pawopo pali makaundula ndi malipoti a zaka zingati, ndipo akatumizidwa ku likulu amawawerenganso ndani. Yankho silisintha: alipo milumilu, ndipo palibe amawatsegula. Kwa munthu amene ali pa boma kapena pa chipatala chaching'ono, khomo la ku yunivesite lili m'makaundula amenewo.

Digiri yanga yoyamba inali ya environmental health. Nditamaliza ananditumiza ku boma lina la m'mbali mwa nyanja, kumene ndinkayang'anira alangizi a zaumoyo, ma HSA aja, kuyendera mijigo, misika ndi malo odyera, ndi kukonzekera kolera mitambo ikayamba kuda. Mwezi ukatha tinkasonkhanitsa malipoti a zipatala zing'onozing'ono, kuwalowetsa mu kompyuta, n'kuiwalako. Masters ya public health ndinaichita ndili pa ntchito pomwepo, yolowa m'kalasi masabata angapo kenako n'kubwerera ku boma. Pamenepo ndiye mtima wofuna kuphunzitsa unandigwira.

Nditaimaliza ndinaona m'nyuzi kuti sukulu ina ikufuna mphunzitsi. Tsiku la intavyu ndinapeza akuluakulu atandandalika kuseri kwa tebulo lalitali. Anandifunsa za kolera, ndinayankha mpaka ena kumagwedeza mitu. Anati ndiphunzitse pang'ono ngati ndili m'kalasi, zinayenda bwino. Ndiye bambo wina wa imvi, amene nthawi yonseyi anali duu akutembenuza masamba a CV yanga, anadzutsa mutu nati: "Mayi, zonsezi tamva, koma mwalembapo chiyani choti ifeyo tikachiwerenge?" Ndinatchula dissertation. Iwo anati dissertation ili pa shelefu ya laibulale, akufunsa zosindikizidwa. Ntchitoyo anatenga mnyamata wochepa kwa ine pa msinkhu ndi pa zaka za ntchito, amene ankagwira ku pulojekiti ina ya kafukufuku ndipo dzina lake linali pa mapepala angapo a kafukufuku osindikizidwa.

Sanandipondereze ayi. Yunivesite imayenda choncho kulikonse: imadziwika ndi zimene aphunzitsi ake asindikiza, ndipo ndalama za kafukufuku zimatsata mayina amene ali pa mapepala. Mnyamata wa ku pulojekiti amakhala pafupi ndi anthu olemba tsiku ndi tsiku. Ku Blantyre kuli Malawi-Liverpool-Wellcome Programme pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, kuli Johns Hopkins Research Project ndi Malaria Alert Centre, ku Lilongwe kuli UNC Project. Amene alowa kumeneko ali wamng'ono njira yake imafupika. Ife a pa boma njira yathu ndi ina, ndipo palibe amatiuza.

Amene anandiuza ndi bambo a imvi omwe aja, titakumananso pa msonkhano wina patapita miyezi. Anandikokera pambali pa nthawi ya tiyi nati: "Mwana wanga, deta imene anzako amalembera ma proposal a madola kuti akaitolere, iwe uli nayo m'kabati ikudyedwa ndi chiswe."

Ndinabwerera ku boma n'kutsegula kabatiyo. Makaundula a kolera amadziwika ndi fungo la kolorini, masamba ake ouma gwa, malo ena inki itayera pomwe panagwera dontho. Mudzi umodzi unalembedwa m'njira zinayi malinga ndi khutu la wolemba. Pa zaka za wodwala ena anangoika kuti wamkulu. Tsiku loyamba kutsegula m'mimba ndi tsiku lofika ku kampu ya odwala kolera nthawi zina anawasinthanitsa, munthu n'kuoneka ngati anagonekedwa asanadwale. Ine ndi mlembi wathu wa deta tinkakhala pansi Loweruka lililonse, iye akuwerenga mokweza ine ndikulowetsa, ndipo tikakodwa pa dzina la mudzi tinkaimbira HSA wa dera limenelo kuti atimasule. Funso langa linali laling'ono: kodi chaka ndi chaka matendawa amayambira kuti, nanga anthu amatenga nthawi yaitali bwanji kuti afike ku kampu? Titasanja nyengo za mvula zingapo motsatizana, madoko a asodzi omwewo ankatulukira koyambirira mobwerezabwereza. Aliyense pa ofesi ankazidziwa m'mutu, koma palibe anali atazilemba ndi manambala. Pepala langa loyamba linachokera pamenepo.

Pano ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri amagwa. Deta ya boma si yako chifukwa choti kiyi wa kabati uli nawe. Pamafunika kalata ya mkulu wa zaumoyo pa boma, amene kale tinkati DHO, tsopano Director of Health and Social Services. Pamafunikanso chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu, kaya National Health Sciences Research Committee ya ku unduna, kaya COMREC, komiti yotere ya ku Kamuzu University of Health Sciences. Ena amati poti ndi makaundula akale chilolezo n'chosafunika, koma journal yabwino, ndiye kuti magazini yosindikiza kafukufuku, idzafuna nambala ya chilolezocho, ndipo kuchipempha ntchito itatha kale sikutheka. Mayina a odwala achotsedwe deta isanatuluke m'chipinda. Pa mapulogalamu owerengetsera, ine ndinayamba ndi Epi Info, koma lero ndimauza aliyense kuti aphunzire R, poti ndi yaulere, pamene Stata imafuna laisensi ya madola.

Funso likhale limodzi, ndipo likhale loti a pulogalamu angachitepo kanthu yankho likapezeka. Kafukufuku wotere amamutcha operational research, ndipo dziko lathu lili ndi mbiri yake. Pulofesa Anthony Harries, amene anagwira ntchito zaka zambiri kuno ndi pulogalamu ya chifuwa chachikulu kenako ya ma ARV, iye ndi anzake a Chimalawi anasindikiza mapepala ochuluka kuchokera m'makaundula wamba a zipatala zathu zomwezi. Maphunziro a SORT IT, amene amayendetsedwa ndi TDR, pulogalamu ya kafukufuku ya ku WHO, mogwirizana ndi mabungwe a zaumoyo monga The Union ndi MSF, anakonzedwera anthu ngati ife: umalowa ndi funso la ku ntchito kwako, umatuluka ndi pepala lotumiza ku journal. Mukaona akulengeza, lembani.

Kosindikiza, musanyoze Malawi Medical Journal. Imapezeka pa PubMed, nkhokwe ya pa intaneti ya kafukufuku wa zaumoyo, ndipo nkhani ya boma limodzi la kwathu kuno imawerengedwa ndi anthu oyenera kumeneko. Ma journal akunja ambiri amalipiritsa ndalama zoti mphunzitsi wa kuno sangazione, koma angapo, monga a PLOS ndi BMC, amachotsera kapena kukhululukira olemba a m'mayiko osauka ngati wapempha pa nthawi yotumiza. Chenjerani ndi aja amakutumizirani imelo yokutamandani, kulonjeza kusindikiza m'sabata imodzi mukangolipira. Makomiti okweza anthu pa ntchito amawadziwa, ndipo pepala loterolo pa CV limakuchotsera ulemu m'malo mokuwonjezera. Pepala lenileni limabwezedwa ndi ndemanga zowawa. Langa linabwera lofiira paliponse, wowunika wina atafunsa chifukwa chimene ndasiyira anthu omwalirira kumudzi osafika ku kampu. Linali funso labwino, ndipo kuliyankha kunandibwezera kwa ma HSA ndi mafumu.

Chinanso kwa inu amene mukadali pa boma. Ofufuza amabwera pa ofesi panu nthawi ndi nthawi kudzapempha deta kapena kuti muwaperekeze kumidzi. Alawansi landirani, koma funsani poyambirira, ntchito isanayambe, ngati pali mpata woti mutengeko mbali pa kusanthula ndi kulemba kuti dzina lanu lidzakhale pa pepala. Dzina silipatsidwa ngati mphatso, umaligwirira ntchito, komabe ukapanda kufunsa umangothera m'ndime yothokoza ya kumapeto, imene pa intavyu sawerenga.

Za makwerero ake ndidutsepo msanga. Amene wakhoza bwino kwambiri digiri yoyamba nthawi zina amatengedwa ngati staff associate kapena assistant lecturer kuti sukulu imuphunzitse yokha. Kukhala lecturer kumafuna Masters, ndipo masiku ano zolengeza ntchito zambiri zimanena kuti wa PhD ndiye ali patsogolo. Pamwamba pake pali senior lecturer, associate professor, kenako pulofesa. Malo ophunzitsira achuluka kusiyana ndi kale. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, pamene Polytechnic, kumene kuli maphunziro a environmental health, inasanduka Malawi University of Business and Applied Sciences (MUBAS). Mayunivesite a mipingo ndi a anthu wamba nawonso atsegula madigiri a public health. Musanavomere ntchito kapena kulipira fizi pa sukulu iliyonse, onani kaye ngati National Council for Higher Education inavomereza pulogalamu imeneyo, osati sukulu yokha.

Ine ndinalowera pa khomo la ganyu. Sukulu ina inkafuna woti aziphunzitsa epidemiology kumapeto a sabata, ndipo ndinkakwera minibasi Lachisanu madzulo ndi zolemba zanga pa miyendo. Malipiro ankabwera semesita itatha kalekale, mwina pambuyo pokumbutsa mpaka manyazi kukugwira. Amene akufuna ganyu yotere kuti apeze ndalama ya lendi aganize kawiri. Phindu lake ndi lakuti pa intavyu yotsatira ndinali ndi kosi imene ndinaphunzitsapo, ndemanga za ophunzira, ndi mapepala osindikizidwa m'manja. Ulendo umenewo ananditenga.

PhD inadza pambuyo, ndipo ndingalangize ambiri kuti ayambe alowa kaye, chifukwa thandizo lina limafuna kuti ukhale kale wa pa yunivesite. CARTA, pulogalamu yothandiza ochita PhD, imene imatsogoleredwa ndi bungwe la kafukufuku la APHRC la ku Nairobi ndi yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, imatenga aphunzitsi a m'mayunivesite amene ali mamembala ake. Palinso Commonwealth, imene ili ndi ma scholarship ophunzirira pa intaneti uli kwanu, Beit Trust ya anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndi Chevening ya Masters ya chaka chimodzi ku Britain. PhD yanga inali yoti miyezi ina ndili kunja kwa supavaiza, miyezi yambiri ndili kuno kutolera deta. Kwa mayi wa ana njira imeneyi ndi yopepukirapo, ngakhale kupepuka kwake n'kwa pakamwa. Bambo a kunyumba anaphunzira kuluka tsitsi la mwana wathu wamkazi chifukwa cha PhD imeneyi. Amayi anga ndikawaimbira ankangoti: "Mwanawe, sukulu yakoyi idzatha ife tili moyo?" Sankha supavaiza pofunsa ophunzira ake akale ngati amayankha maimelo, osati poona kutchuka kwa dzina. Ndipo bondi imene umasaina ponyamuka iwerenge mzere uliwonse, chifukwa zaka zobweza zimayamba kuwerengedwa utabwerako, pa nthawi yomwe mabungwe ayamba kukuimbira ndi malipiro onona.

Tsopano ntchito yeniyeniyo. M'kalasi ndi mmene zaka za pa boma zimabweza ngongole. Tsiku lina mtsikana wina anabwera kutsogolo ndi kakyuleta m'manja, nkhope itakwinyika, nati: "Madamu, ndabwereza kangapo, koma katemera wa chikuku pa chipatala chimene mwatipatsachi akutuluka kupitirira 100%. Ndalakwitsa pati?" Sanalakwitse. Ndinafunsa kalasi kuti nambala ya pansi, ya ana oyenera kubayidwa, yachokera kuti. Anati ku National Statistical Office. Eya, ndi yoyerekeza kuchokera pa kalembera wa 2018. Nanga HSA akayenda khomo ndi khomo kuwerenga ana amapeza yomweyo? Nanga chipatala cha m'malire, ku Mulanje, Dedza kapena Nsanje, kumene amayi a ku Mozambique amaoloka ndi ana kumbuyo kudzabayitsa, ana amenewo ali m'nambala ya pamwamba kapena ya pansi? Kalasi inayamba phokoso, wina wa ku Mchinji akuti kwawonso a ku Zambia amabwera. Buku limafotokoza zimenezi m'ndime imodzi youma. Munthu amene anakanganapo ndi ofesi ya katemera pa nambala yotere amaziphunzitsa mwina.

Chimodzimodzi ndikamaphunzitsa za mfundo za boma. Ndimatenga Option B+ ya mu 2011, pamene Malawi inaganiza kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV ayambe ma ARV moyo wake wonse osadikira kuyeza CD4, chifukwa makina oyezera sankafika ku zipatala zambiri za kumudzi. Ena kunja anakayikira, koma patapita nthawi WHO inaika njira yomweyo m'malangizo ake. Ndimafuna ophunzira aone kuti mfundoyo inabadwa kwa anthu odziwa mtunda umene mayi amayenda kuti afike pa chipatala, osati odziwa mabuku okha.

Koma musanamizidwe kuti kalasi ndiyo idzakukwezeni. Kuphunzitsa kuli ngati munda wa chimanga, pakhomo ponse pamadalira pomwepo, koma wogula malata ndi munda wa fodya, ndipo fodya wake kuno ndi mapepala ndi ma grant. Fomu yopempha kukwezedwa imafunsa mapepala angati, ndiwe woyamba pa angati, wabweretsa ndalama zingati, watulutsa ophunzira a Masters angati. Za kuphunzitsa zimakhalapo, koma sizilemera chimodzimodzi. Ine ndimaona kuti pamenepa pali kupotoka, chifukwa ndikudziwa aphunzitsi amene ophunzira amawakumbukira moyo wonse koma akhala pa giredi imodzi mpaka imvi. Komabe malamulo akadali amenewo, ndipo wolowa kumene ayenera kuwadziwa tsiku loyamba.

Nthawi ndiyo imasowa. Watsopano amamuunjikira makalasi akuluakulu a chaka choyamba, amene akuluakulu safuna. Kuchonga mayeso kumadya masabata, magetsi akazima umapitiriza ndi tochi ya foni. Kenako ma dissertation: wophunzira aliyense amafuna ndemanga dzulo, ndipo theka la mitu yawo ndi yofunsa zimene anthu akudziwa ndi mmene amaganizira pa matenda akutiakuti, mutu umene ndimaukana pokhapokha andiuze amene adzagwiritse ntchito yankho lake. Onjezani makomiti, amene mayi amaikidwamo ambiri poti pakufunika mayi. Ndinaphunzira kutseka chitseko m'mawa wa masiku awiri pa sabata, foni n'kuika m'chikwama, kuti ndilembe. Anzanga ena anandiona ngati wonyada, kenako anazolowera.

Za malipiro sinditchula nambala, zimasiyana sukulu ndi sukulu. Chimene ndinganene n'chakuti kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023, wa malipiro a kwacha okhaokha anaimva m'mafupa, pamene amene gawo la nthawi yake limalipidwa ndi grant anapumako. N'chifukwa chake maganyu a mabungwe amakoka kwambiri: kuwunika pulojekiti, kulemba lipoti, wekishopu ya ku nyanja. Sindingauze munthu wa ana pa sukulu kuti azikana zonse. Ine ndimavomera ganyu imene pangano lake likundilola kusindikiza zotsatira, kapena imene ndingatengeko wophunzira. Ina ija imabweretsa galimoto msanga, koma zaka zimadutsa CV ili pomwe inali, lipoti lili m'kabati ya bungwe.

Ubale ndi boma lija musaudule. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 ku Machinga n'kufalikira dziko lonse, imene inapha anthu opitirira 1,700 ndipo inakumananso ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, inationetsa amene ali ndi ntchito pakati pathu. Mafoni ankalira kwa aphunzitsi amene a pa boma ankawadziwa ndi kuwakhulupirira. Mnzanga wakale anandiimbira usiku: "Asisi, mndandanda wa odwala wafika poti sitikuonanso mutu wake, tithandizeni." Ndinatenga ophunzira angapo a Masters, tinakakhala nawo pansi kukonza mndandandawo ndi kujambula mapu a midzi, kuti kolorini ndi magulu oyendera apite koyenera. Awiri mwa ophunzirawo mitu ya dissertation anaipezera komweko, ndipo a pa boma aja mayina awo ali pa zimene tinalemba. Pa chifukwa chomwecho, kalembera wanu ku Medical Council of Malawi kapena ku Nurses and Midwives Council musamusiye afe poti mwalowa m'kalasi.

Kalata ya ntchito ikabwera, musathamangire kusaina ndi chimwemwe. Funsani ngati ndi ya zaka zowerengeka kapena yokhazikika, ndipo ngati malipiro ake akuchokera ku pulojekiti, chidzachitike n'chiyani pulojekitiyo ikatha. Funsani maola ophunzitsa pa sabata ndi chiwerengero cha ophunzira oti muziwayang'anira, ndipo alembe, asangonena pakamwa. Funsani kuti tchuthi cha maphunziro chimaperekedwa munthu atagwira zaka zingati. Ngati mukuchoka m'boma, pitani kaye ku ofesi yoona za antchito mukamve za penshoni yanu ndi zaka zimene mwagwira kale musanalembe kalata yosiya. Ndipo pemphani chikalata cha malamulo okwezera anthu pa ntchito sabata yoyamba yomweyo. Pa sukulu zina chimakhala kwa mlembi wa dipatimenti, ndipo amakupatsa pokhapokha wachitchula.